Mzere wa Ababa Unathera pa 75

Ababa anagwira ntchito yojambula mapulani a misewu zaka 34, ndipo anzawo ankawatcha a Rula. Dzinalo silinabwere mwangozi ayi. M'thumba la malaya awo simunkasowa rula yachitsulo ndi pensulo yosongoka, ndipo ngakhale buledi ankamudula ngati kubwera munthu kudzayeza. Ine ndine mwana wawo womaliza, ndimagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Anthu amati kuuma mutu ndinatengera iwowo, ndipo sindikana.

Atatsala miyezi itatu kuti apume pantchito, kampani yawo inaitanitsa mphunzitsi wa za ndalama. Ena anapitako chifukwa cha tiyi waulere, koma Ababa anabwerako ndi kope lodzaza. Loweruka lake anatikhazika pansi ine ndi amayi, n'kuyala pepala la timizeremizere patebulo lodyera.

"Moyo wa munthu ndi phiri," anatero, pensulo ikuyenda. "Kumunsi kuno ndi ubwana, ukudya za ena. Apa ukukwera, ukugwira ntchito, ukusunga. Pamwamba apa ndi tsiku lopuma. Kuchoka apo ukutsika, ukudya zomwe unasunga zija. Munthu wanzeru amatsika mwadongosolo, kuti ndalama ndi mpweya zithere limodzi."

"Nanga mpweyawo mwapangana nawo?" anafunsa amayi.

Ababa sanaseke. Anati mphunzitsiyo wanena kuti popanda nambala palibe pulani, ndiye munthu ayenera kulemba chaka chomwe akuganiza kuti adzatsikira pansi. Bambo awo anamwalira ali ndi zaka 61, akulu awo ali ndi 68. Iwo anatenga 68 yo n'kuwonjezerapo zisanu ndi ziwiri, monga amachitira pa mlatho, kuopa lole yolemera. Mzere wawo unakagunda pansi pa 75.

Anabweranso ndi malamulo awiri omwe tinawamva mpaka makutu kuwawa. Loyamba linali lakuti ndalama iliyonse ipatsidwe ntchito yake, isamangoyendayenda ngati mbuzi yopanda chingwe. Lachiwiri linali lakuti mwana si penshoni. Ili lachiwirili ankalinena ngati pemphero. Achimwene akawatumizira ndalama pafoni, Ababa ankazibweza tsiku lomwelo, n'kuluzanso yawo yotumizira.

Tinkawaseka, koma pulaniyo inayenda, ndisaname. Anzawo omwe anagula magalimoto ndi ndalama zopumira anali atayamba kuyenda wapansi zisanathe zaka zitatu. Kwathu magetsi sanadulidwepo. Mitengo itakwera kuposa momwe anawerengera, anasiya kugula nyuzipepala, kenako anachititsa lendi chipinda chakuseri, mzere uja n'kubwerera m'malo mwake.

Amayi anatisiya Ababa ali ndi zaka 72. Anadwala masabata awiri okha basi. Ababa anayendetsa zonse okha, bokosi, galimoto, mipando, ndipo sindinawaone akugwetsa msozi. Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndalama za maliro zakwana ndendende, patsalanso chenji. Ndinawakwiyira mwezi wathunthu chifukwa cha mawu amenewo.

Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi ankagula kwa ine. Tsiku loyamba la mwezi ankafika, n'kuima pamzere ngati munthu wina aliyense, n'kulipira mtengo wonse. Ife ogwira ntchito timaloledwa kutsitsirako makolo athu, koma ukawatchulira zimenezo unkachita ngati wawatukwana. Atangokwanitsa zaka 75, anasiya kubwera. Nditawaimbira anati apeza sitolo ina pafupi ndi kunyumba, asamavutike ndi minibasi. Ndinakhulupirira. Ntchito inali yambiri, ana anali pa mayeso, ndipo kunena zoona zinandipeputsira.

Panapita miyezi iwiri ndisanapondeko. Loweruka lina m'mawa ndinawapeza pakhonde atavala masilipasi. Ababa, masilipasi! Munthu yemwe ankasesa pabwalo atavala nsapato zopolisha. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mapazi atupa mpaka m'mawondo, ndipo poimirira kuti andilonjere anayamba apuma kaye kawiri.

Ndinalowa kukhitchini ngati ndikukaika madzi a tiyi. Pamwamba pa firiji panali kambale, m'kambalemo lezala ndi timapisi ta mapiritsi, todulidwa mowongoka bwino, ena pakati, ena panayi. Kabokosi kake kanali ka kusitolo kwathu, kolembedwa ndi dzanja langa lomwe miyezi itatu yapitayo.

Ndinatuluka ndi kambale kaja m'manja.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

"Ika pansi, utaya."

"Ndikufunsa, n'chiyani ichi? Piritsi limodzi masiku anayi? Mwasanduka dokotala liti inu?"

"Mwanawe, usakweze mawu, ochita lendi aja akumva. Tiye m'nyumba."

Anakatenga pepala lija. Linali litafiira, m'mbali atamata ndi selotepi. Anaika chala pomwe mzere unagunda pansi.

"Tili apa," anatero. "Kapena ndinene kuti tadutsa. Penshoni ya pamwezi ndi ya lendi zikukwana chakudya, madzi ndi magetsi. Mankhwala ankachokera kuphiri kuno, ndipo phiri latha. Masamu sanalakwe. Ndine ndachedwa."

Ananena zimenezi ngati munthu wodandaula kuti basi yamusiya.

"Mwachedwa kupita kuti? Abale inu! Mankhwala ndi kanthu? Ndibweretsa ine, lero lomwe."

"Mwana si penshoni."

"Ndiye mwana n'chiyani? Wonyamula bokosi basi?"

"Uli ndi phiri lako lokwera. Ana ako ali kusukulu. Ukayamba kusenza ine, iwenso udzatsamira iwo, iwonso adzatsamira awo. Unyolo umenewo ndinati uthere pa ine."

Munthu woteroyo ungamutani? Kumulalatira n'kutaya madzi pamwala. Ndinaganiza zomumenya ndi ndodo yake yomwe. Ndinawauza kuti masamu awo sindikuwakhulupirira, andionetse mapepala onse ndiwerengere ndekha. Apo sanakane, chifukwa kuwerengetsa kwa iwo si chipongwe.

M'kabati ya kuchipinda munali mafayelo ondandalikidwa bwino, lililonse ndi dzina lake pamsana. Za nyumba. Za chipatala, lomwe linali lopyapyala ngati tsamba. Lina analilemba kuti Za maliro anga. Kumapeto kunali lina lonenepa lomwe sindinalionepo, lolembedwa kuti Za wamasiye. Nditatsegula ndinapeza makalata a kubanki, mwezi ndi mwezi, osasowa ndi umodzi womwe. Ndinayang'ana nambala ya pa kalata yomaliza, ndinapukuta m'maso, n'kuyang'ananso. Zinali zokwana mankhwala a zaka khumi ndi dokotala yemwe.

"Nanga izi?"

Ababa anali ataima pakhomo, atagwira felemu.

"Bweza. Zimenezo si zanga."

"N'za ndani?"

"Za amayi ako. Mphunzitsi uja anati akazi amakhalitsa kuposa amuna, ndiye pulani yabwino imaganizira wotsala. Ine ndimayenera kupita pa 75, iwo n'kutsala zaka khumi. Ndinawapatulira zawozawo kuti asadzapemphe kwa munthu."

"Ababa, ndalama ilibe dzina. Ya mufayelo ili ndi ya mufayelo ilo n'chimodzimodzi, kusitolo sakafunsa."

"Amatero ndi anthu owononga. Ukangoyamba kudumphitsa ndalama mpanda, mawa udya ya denga."

Ndinali nditatopa, ndipo ndikatopa pakamwa panga sipakhala chitseko. Ndinanyamula fayelo lija n'kuwalozetsa pamsana pake.

"Werengani nokha. Munalemba ndinu, si ine. Simunalembe kuti za amayi, munalemba kuti za wamasiye. Tsopano mundiuze, wamasiye ndani m'nyumba muno? Wagona yekha pabedi apa zaka zitatu ndani?"

Anayang'ana zolembazo nthawi yaitali, ngati dzanjalo sakulidziwa. Kenako anabwera pang'onopang'ono n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Sindinawerengere choncho," anatero.

Ndinaganiza kuti ndapambana. Ndinayamba kale kunena za Lolemba, kuti ndipempha kuchoka kuntchito m'mawa, tikatape ndalama, tidutsire kwa dokotala. Anandidula ndi dzanja.

"Buku la kubankilo lili m'mayina awiri, langa ndi la amayi ako. Potapa pamafunika tisayine tonse. Apo ayi, ndipititse chikalata cha imfa kuti achotse dzina lawo."

"Ndiye vuto lili pati? Chikalatacho chilipo."

"Chilipo." Anatenga kalata imodzi mufayelo muja n'kundionetsa pamwamba pake, pomwe panali dzina lawo ndi la amayi, moyandikana. "Kuchipatala anawafufuta. Kutchalitchi anawafufuta. Foni yawo anapatsa munthu wina, ndinaimbapo kamodzi anayankha mwamuna. Kwatsala kubanki kokha. Kumeneko amayi ako akadali moyo. Mwezi uliwonse amatilembera tonse awiri."

Ukali wonse unandithera pomwepo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa tsiku la maliro lija. Zaka zitatu ndinkati munthuyu ndi mwala, kuli iye akudikira wa positi. Ndinakhala pambali pawo, mafayelo ali mbwee pansi.

"Ababa," ndinatero, "amayi ndinawataya, sindinafunsidwe. Inu ndiye ndikukana. Envelopu isandilande bambo. Ndikuopa, mwamva? Mapazi awa ndimawaona kuntchito, ndikudziwa komwe amathera."

Sanandilonjeze chilichonse. Anangondiuza kuti ndibweze mafayelo momwe ndinawapezera. Masana ndinathamangira kusitolo n'kubwera ndi kabokosi katsopano. Anakalandira, koma anati ndi ngongole, ndisunge lisiti. Ndinaimirira pomwepo mpaka atameza piritsi lathunthu.

Lamulungu sanaimbe, inenso sindinaimbe. Lolemba cha m'ma naini, ndili pakauntala, foni inalira.

"Ndili pakhomo pa banki," anatero. "Ngati uli ndi mpata."

Ndinasiyira mnzanga makasitomala. Ndinawapeza atavala jekete, fayelo lili kukhwapa. Tinakhala pamipando yodikirira pafupifupi ola. Nambala yathu itaitanidwa tinapita pa desiki ya mayi wina wa magalasi. Analemba nambala ya buku pakompyuta, n'kumwetulira.

"Bukuli ndi la anthu awiri, bambo. Amayi abwera nawo?"

Ababa anatsegula fayelo, anatulutsa chikalata chija, n'kuchiwongola ndi chikhatho ngakhale chinalibe khwinya. Anachikankhira kutsogolo.

"Sabwera," anatero. "Wotsala ndine."

Mayiyo anawerenga, anapepesa, n'kuyamba kutayipa. Anatulutsa fomu ya masamba atatu, n'kuika timitanda pomwe Ababa ayenera kusayina. Anasayina tsamba loyamba, anasayina lachiwiri. Pa lachitatu cholembera chinaima m'mwamba.

"Pepani mayi, ndifunse nawo. Kalata ya mwezi uno mwatumiza kale?"

Mayiyo anayang'ana pakompyuta. "Inapita Lachisanu, bambo. Ifika sabata ino."

"Ndiye kuti ibwera ndi mayina onse awiri?"

"Eya, imeneyo inatuluka tisanasinthe. Kuyambira ya mwezi wamawa ndiye izikhala ndi lanu lokha. Kapena mukufuna tiibweze tikonze?"

"Ayi," anatero Ababa msangamsanga. "Isiyeni ibwere."

Anasayina tsamba lachitatu, anabweza cholembera, n'kundipatsa fayelo kuti ndiwanyamulire.