Mabatani pa Mwinjiro wa Kwaya

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Aphunzitsi a Bayoloje ankadwala matenda amodzi okha. Akangofika pa mutu wachisanu ndi chinayi, wonena za kusinthika kwa zamoyo, pakhosi pankauma, mawu n'kuthawa. Lamlungu mawu omwewo ankabwerera, n'kumagwedeza malata a tchalitchi m'kwaya. Ana ankauzidwa kuti akawerenge okha, ndipo pa mayeso funso limenelo ankalilumpha ngati dzenje.

Chomwe ankaopa chinali chiganizo chimodzi chimene anatola ku koleji ali pakati pa tulo: amphamvu ndiwo amapulumuka. Munthu woimbira Mulungu wa ofatsa ndi osweka mtima angaime bwanji pamaso pa ana n'kulalikira zimenezo? Choncho ankadziuza kuti akuteteza chikhulupiriro cha ana, ngakhale mtima unkadziwa kuti akuteteza mantha a iwo eni.

Kenako kunabwera a Hedi atsopano, mayi wa magalasi amene ankawerenga chilichonse, ngakhale makalata a odwala.

"Bambo, chimfine chanu chimadziwa kalendala," anatero. "Lachinayi ndidzakhala kumbuyo kwa kalasi yanu. Mukadwala, kalasi ndipereka kwa wina, inu muzikasunga makiyi a laibulale."

Masana amenewo Aphunzitsi anapeza akazi awo, omwe anali telala, atasiya makina osokera, akupopera mphemvu kuseri kwa kabati.

"Bambo a kwaya, mankhwala awa kale ankapha. Lero mphemvu zikungosamba."

"Zakhala zamphamvu," anayankha mwachisoni. "Dziko ndi la amphamvu."

"Mphamvu zake ziti? Taonani timatupi take. Zikuluzikulu zija zinafa chaka choyamba. Panali tina tochepa tomwe mankhwala sankatigwira, ndiye tinatsala n'kuswana. Izi ndi zidzukulu zake. Aphunzitsi ndinu kapena ine?"

Aphunzitsi anakhala pansi n'kutsegula buku pa mutu uja. Masamba ake anali oyera mbee, omatana, pomwe buku lonse linali lakuda ndi zala. Anawerenga mpaka kumapeto, manyazi akuwakwera ngati nyerere. Za mphamvu munalibemo. Bukulo linkanena za chamoyo choyenerana ndi malo ake, chimene chimatsala n'kusiya ana ofanana nacho. Zaka zonsezo ankathawa chilombo chimene anachijambula okha.

"Mayi, mundibwereke chitini cha mabatani."

"Mukataya limodzi, a pamalaya anu ndichotsa onse."

Lachinayi anayala pa tebulo mwinjiro wawo wakuda wa kwaya. Anamwazapo mabatani makumi awiri, khumi agolide akuluakulu, khumi akuda ang'onoang'ono. Pakhosi panayamba kuuma monga mwa mwambo wake. Anayang'ana a Hedi kumbuyo, anapemphera pemphero la mawu awiri, n'kumeza malovu.

"Mabatani awa ndi tizilombo ta mtundu umodzi, koma tosiyana maonekedwe, monga inu simufanana ndi abale anu. Mwinjirowu ndi tchire. Ndikufuna mbalame zitatu zanjala. Koma choyamba, atsale ndi ati?"

"Agolide, sala!" anakuwa Chimphona, mnyamata wamkulu thupi m'kalasimo. "Onani kunenepa kwake."

Ana atatu anakhala mbalame, ndipo anapatsidwa zopanira zovala kuti zikhale milomo. Wotchi inali itafa, ndiye Aphunzitsi anati aimba mzere umodzi wa nyimbo, ukatha mbalame zileke kudya. Anaimba ndi mawu onse a Lamlungu, a Hedi mpaka anavula magalasi. Mzere utatha, agolide anatsala awiri, akuda asanu ndi atatu.

"Lililonse lotsala libereke ana awiri ofanana nalo," anatero akutapa m'chitini.

Anaimbanso, mbalame zinadyanso. Pofika m'badwo wachitatu, patebulo panali mdima wokhawokha, lagolide limodzi likunyezimira ngati mlendo pa maliro.

Mtsikana wa kutsogolo, yemwe anzake ankamutcha Mafunso, anakweza dzanja.

"Ndiye agolide aja anadzisandutsa akuda poopa kudyedwa?"

"Ayi, mwanawe. Palibe batani lasintha mtundu, ngakhale litasala kudya sabata yonse. Chasintha ndi gulu. Osiyana analipo kale, ena adyedwa, otsala abereka. Ndiko kusankha kwa chilengedwe."

"Ndiye akuda ndiwo abwino?"

Aphunzitsi anakokolola mabatani, natembenuza mwinjiro, mkati mwake mwachikasu mukhale pamwamba, n'kumwazanso makumi awiri. Nthawi ino mbalame zinathera akuda, agolide atabisala phee.

"Malo akasintha, wobisala dzulo amaonekera lero," anatero.

"Ngati inuyo, sala!" anatero Chimphona. "Achimwene anga amati pa mutu uwu simunkaoneka. Pano kwabwera mbalame ya magalasi."

Kalasi inaphulika. A Hedi anabisa pakamwa ndi kope. Aphunzitsi anafuna kukalipa, koma sayansi ya mwanayo inali yolondola, ndiye anaseka nawo mpaka misozi.

Mafunso anali asanatsitse dzanja.

"Nanga Mulungu ali pati pamenepa, sala?"

Ili ndilo funso limene linkawadwalitsa Aphunzitsi. Anamvetsera pakhosi pawo, napeza kuti pali bwinobwino.

"Bukuli likutiuza mmene zamoyo zimasinthira, ndipo mudzalemba zimenezo pa mayeso. Za Mwini wake ndimaimba Lamlungu, ndipo ndawerenga mutu wonsewu osapeza chondiletsa kuimba. Ine ndinkayesa kuti Iye akufunika mlonda wonga ine. Mlonda wake wothawa masamba khumi ndi awiri!"

Belu litalira, a Hedi anabwera kutebulo, natola batani lakuda lomwe linagwera pansi.

"Makiyi a laibulale akhale kwa ine," anatero. "Koma mawa kalasi inayo ikufuna phunziro lomweli."

"Mawa zivuta, mayi."

A Hedi anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Chimfine?"

"Ayi. Mwini mabatani anandibwereka tsiku limodzi lokha. Ndikapempha, koma mundipempherere."