Mmene Msana wa a Waya Unapindikira

Abale, senderani kuno mumve za malemu a Waya, ojambula nyimbo aja tawaika sabata yathayi.

Alamu awo anali katswiri pa gitala, koma zala zinali zitauma ndi ukalamba. Tsiku lina m'mawa anadzuka zala zitamasuka. Anakoka akazi awo, achemwali a a Waya, mpaka kukachipinda ka a Waya kojambulira nyimbo.

"Alamu, ndijambuleni lero lomwe. Mawa zalazi zindikananso."

A Waya anaimika mamaiki awiri kutsogolo kwa sipika ya gitala, ina pafupi, ina chapatali. Akamvera imodzi yokha, gitala inkamveka yonenepa bwino. Akatsegula onse awiri, inkalira ngati udzudzu wodwala.

"Mwaidya gitala yanga?" anafunsa alamu.

"Ayi, mamaikiwa akukangana. Mawu akufika msanga kwa iyi, kwa iyo akuchedwa. Ina ikukankha, ina ikukoka, ndiye kutsala mafupa okhaokha."

"Zimitsani imodziyo," anatero achemwali awo.

"Achemwali, mlamu wanga sindingamujambule ndi maiki imodzi ngati wolengeza za basi."

Anavala mahedifoni, n'kuchotsa maiki yakutaliyo pachitsulo chake. Anayamba kuisendeza pang'onopang'ono, ngati wolowetsa ulusi pasingano. Anawerama, anapotoka, mwendo umodzi m'malere kuopa kuponda mawaya. Mwadzidzidzi gitala inadzaza m'makutu mwawo, yathunthu.

"Ndi apa. Achemwali, dinani batani lofiira."

"Tibweretse chitsulo chija?"

"Ndikangosuntha, malowa atayika. Alamu, imbani."

Alamu anaimba. Nyimbo ya mphindi zitatu, iwo atamva zala zikuvomera anaikoka mpaka ola lathunthu. Ntchentche inatera pamphuno pa a Waya, n'kupumula, n'kuchoka yokha. Iwo ali duu, thukuta kamukamu, dzanja osagwedera.

Nyimbo itatha, mwendo unatsika koma msana unakana kuwongoka. Zaka zisanu ndi ziwiri anayenda chowerama choncho, akupereka moni ku nsapato za anthu. Akawauza zopita kuchipatala ankati, "Asandiwongole, alamu angafunenso kujambula." Zala za alamu sizinamasukenso, koma nyimboyo ilipo, ndipo gitala yake ndi yonona.

Ngakhale kalipentala anavutika nalo bokosi, anachita kulikhotetsa pakati.

Ndiye mukamaimvera nyimboyo, musamangotama woimba. Muzikumbukanso amene anagwira maiki, ndipo ana anu muziwauza.