Ndinatsika Mpaka Mdzukulu Mmodzi

Mwana wanga woyamba ali ndi ngongole yanga ya mdzukulu, koma nkhope yake siioneka ya munthu wangongole. Anakwatiwa kalekale. Nyumba ali nayo, ntchito yokonza magetsi ali nayo, mwamuna wofatsa ngati nkhosa ali naye. Chikusowa n'chiyani? Kumsika komwe ndimagulitsa nsapato anzanga amandikankhira mafoni kumaso: uyu wamera dzino, uyu wayamba kukwawa. Ine ndionetse chiyani, mawaya?

Loweruka ndinalongedza msanga n'kupita kwawo. Ndinamupeza atakhala pansi pabalaza, atamasula fani, tizitsulo tili mbwee. Mkamwini anandilonjera n'kuzembera kukhitchini.

"Sindinabwerere tiyi," ndinatero. "Ndikufuna anayi."

"Anayi chiyani, amayi?"

"Adzukulu. Usandipusitse."

"Ndinakuuzani kale. Sikuti ndikulephera ayi, sindikufuna."

Sindinatekeseke. Pamalonda aliyense amayamba ndi ayi, ayi ndi moni chabe. Ndinatsika n'kunena atatu. Iye n'kumangopukuta fani wakeyo. Awiri, kulera ndilera ndekha, iwe uzingopita kumawaya akowo. Iye n'kumangopukutabe.

"Chabwino, mmodzi. Mtengo womaliza. Apa ndaluza ndine."

"Amayi, mimba si nsapato."

"Nanga ukadzakalamba adzakutungira madzi ndani? Ukudziwa zimene anthu akundinena?"

"Auzeni abereke wina okha ngati ana akuwachepera."

Ndinakuwira mkamwini. "Bambo, inu simufuna wokuitanani atate?"

Anasuzumira pakhomo, kapu ili m'manja. "Tinagwirizana tisanakwatirane, amayi."

Ha! Awiriwa katundu wake ndi mmodzi.

Basi ndinachita chimene sichinandigwiritsepo mwala kwa aliyense wondipikulitsa nsapato: kunyamuka. Ukanyamuka, mwini katundu amakuitana usanakhote pakona. Ndinatola chikwama, n'kumayenda ngati ndaponda minga. Pakhonde ndinaima kumangitsa mpango umene unali womanga kale. Pageti ndinatsokomola.

"Amayi!"

Eya. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, osaonetsa mano.

Mwana wanga anali ataima pakhomo, manja ali bii ndi fumbi la fani.

"Musayende chonchi podikira kuti nditsitsa, palibe chimene ndikugulitsa. Inu muli kumsika, azing'ono anga ankakhala kumsana kwa ndani? Anzanga akusewera, matewera ankachapa ndani? Kulera ndinalera, ndinakhuta. Inu palibe anakufunsani ngati mukufuna ana. Ine ndinadzifunsa ndekha, ndipo ndinayankha. Mawa mubwere tidzadye limodzi, koma nkhani iyi muisiye kwanu."

"Ndiye ngongole yangayo?"

"Sindilipira."

Anatseka chitseko, osamenyetsa n'komwe. Chikhala anamenyetsa, ndikanadziwa kuti mtima ukuwira, ukazizira tikambirananso. Koma uyu anatseka bwinobwino, mmene ndimabwezera ine nsapato m'thumba kasitomala akanditchulira mtengo wachipongwe.