Buku Lomata la a Dalaivala

Munthu amene ntchito yake ndi kudikira amagona, apo ayi amayamba miseche. A Dalaivala anayesa zonsezo. Tulo tinawapweteka msana, miseche inawadanitsa ndi anzawo, ndiye imvi zitayamba anatembenukira ku mabuku.

Ankayendetsa lole ya simenti. Pageti la fakitale malole amandanda kuyambira m'mawa, moti munthu umafika utameta, potuluka ndevu zameranso. A Dalaivala ankakankhira mpando kumbuyo, nsapato kuvula, mapazi pachiwongolero, buku pamimba. Sukulu anailekera panjira, pamene masamu anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, koma kuwerenga ankawerenga ndithu, milomo ikugwedera ngati munthu wopemphera chamumtima. Mabuku a masiku ano, aja a atsikana a m'maofesi okangana ndi mabwana awo mpaka kukwatiwa nawo, ankawakonda koma ankati ndi abodza: iwo mabwana awanyamula ambiri, sanaonepo mmodzi woima pamvula chifukwa cha chikondi. Mabuku a mbiri yakale ankati ali ngati lole yodzaza pachitunda. Umakwera ndi giya yoyamba, injini ikulira, koma ukafika pamwamba umaona kutali.

Ankagula kwa Wamabuku, mkulu wina woyala malonda ake pakhonde la sitolo yotsekedwa pafupi ndi getilo. Mabuku ake anali ovulala okhaokha: onyowa ndi mvula, odyedwa ndi makoswe, othothoka zikuto. Iye ankatola zidutswazo, kuzimata ndi guluu, kudula m'mphepete monse ndi mpeni kuti ziwoneke zaudongo, n'kuziveka katoni, dzina la buku n'kulemba pamwamba ndi dzanja. Mpeniwo sunkasankha. Unkadya ndi manambala a masamba omwe.

Kumeneko n'kumene anapeza buku limene linawagwira mtima. Linali la kalekale, nthawi ya malupanga ndi akavalo. Wofotokoza nkhani anali mtsikana, wongoti ine, ine, ine. Ankakondana ndi wosula zitsulo, koma mfumu inamufuna. Pakati penipeni pa buku asilikali anamuthamangitsa mpaka pagombe la mtsinje wodzaza, iye n'kudziponya m'madzi. A Dalaivala anatembenuza tsamba. Tsamba lotsatiralo mtsikana anali kudzuka pabedi m'nyumba yosanja, foni ikulira, wachedwa kuntchito.

Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwerenganso. Kenako anamenya chiwongolero mpaka hutala kulira. Wolembayu ndi mfiti ya munthu. Wamumiza mtsikana m'nthawi ya malupanga, wamuvuula m'nthawi ya mafoni. Mfumu ija yabweranso ngati bwana wa kampani, dyera lake lomwe lija. Nanga wosula zitsulo? Anamufunafuna mpaka anamupeza: dalaivala wa bwanayo, munthu wosalankhulalankhula, wa chipsera padzanja, woiwala dala ambulera yake pampando kuti mtsikanayo asanyowe. Pamapeto mtsikana anasiya bwana n'kusankha dalaivala. A Dalaivala analira m'lolemo, mlonda wapageti atawafunsa anati ndi fumbi la simenti.

Tsono mwana wawo wamkazi, Namwino, anakwatiwa kubanja la anthu ophunzira, ndipo ankakhala konko. Apongozi ake anali a Hedi, mayi wopuma pantchito yoyang'anira sukulu, wolankhula mofatsa ngati akuwerenga mayina a olephera mayeso. Chikwatiwire mwanayo, a Dalaivala anali asanakhalepo pampando wa m'nyumba imeneyo. Akabwera ndi kanthu ankagogoda kukhomo la kukhitchini, kupereka, kulonjera, n'kunamizira lole yoima poipa. Palibe anawaletsa kulowa. Zikhadabo zawo zotuwa ndi simenti n'zimene zinkawaletsa. Koma tsopano Namwino anali woyembekezera, ndipo iwo sankafuna kukhala agogo odzera kukhitchini. Ankafuna tsiku limodzi loti akhale pabalaza paja, alankhule, mwana wawo adzutse mutu.

Mwayi unabwera wokha. A Hedi ankasonkhanitsa anzawo Loweruka masana kukambirana buku limene awerenga, ndipo Namwino atatchula dzina la buku la mwezi umenewo, linali lomwe lija lolembedwa pakatoni. A Dalaivala anati akubwera. Namwino anayesa kuwauza kuti kumatopetsa, ngolankhula Chizungu cha m'mphuno anthu ake, mipando ndi yochepa. Ataona kuti sizikumveka anati chabwino, abwere, amwe tiyi, amvetsere, koma asalankhule. Iwo anamva ngati mwana akuwachitira manyazi, ndipo anatsimikiza mtima kuti alankhula basi.

Loweruka anatsuka zikhadabo ndi mswachi wakale mpaka kuwawa. Anavala jekete lawo la ukwati, buku m'thumba lamkati, n'kulowera khomo lakutsogolo. Kapeti inawameza mapazi. A Hedi anawalandira bwino, asewere takulandirani, asewere khalani apa, n'kuwapatsa mpando woyang'anana ndi kabati yagalasi yodzaza mabuku a zikuto zawozawo. Panali amayi angapo, ndi a Famasi, bambo wogulitsa mankhwala wonyada kuti sawerenga zachikondi. Namwino ankazungulira ndi tipoti, maso ake osakumana ndi a bambo ake.

A Famasi anayamba. Anati bukulo ndi lolemera koma loona, likusonyeza mmene amphamvu amaponderezera osauka. Mayi wina anati iye analephera kudya atawerenga pamene wosula zitsulo akuvuula mtembo wa mtsikana m'bango. Wina anati imfa imeneyo inamukwiyitsa, wolembayo akanamusiya ndi moyo mwana wa eni.

A Dalaivala anamvetsera, chisoni n'kuwagwira. Anthu a masatifiketi awo, kabati yodzaza, koma buku osalimaliza. Afika pamtsinje paja, atopa, zotsalazo angopeka. Anaika kapu pansi bwinobwino, n'kukonza kukhosi. Kukhomo tipoti ya Namwino inagunda thireyi.

“Pepani akuluakulu, ine sukulu yanga ndi yochepa,” anatero, “koma mtsikanayo sanafe.”

Onse anatembenuka. Ndipo a Dalaivala anayamba, monga mmene ankachitira pageti anzawo atazungulira lole. Anafotokoza za bedi ndi foni. Anafotokoza za mfumu yovala tayi. Anati wolembayo akutiuza kuti nthawi imasintha zovala zokha, anthu ake ndi omwewo, amene ankasula malupanga a mfumu lero akutsegulira bwana chitseko cha galimoto. Anati ngakhale pepala lenilenilo wolembayo analisintha dala, la kale lofiirira, la masiku ano loyera, zilembo n'kukula, kuti ndi wakhungu yemwe adziwe kuti dziko latembenuka. Ataona kuti m'nyumba muli zii, anaganiza kuti awagwira mtima, ndiye anatsegula ndi zosafunika kutsegula. Anati iwo agwira chiwongolero moyo wawo wonse, ndipo aka kanali koyamba kuona buku limene dalaivala sali wongonyamula zikwama. Anati analira. Ananena zimenezo pamaso pa asewere awo, kuti analira.

Mayi wamng'ono pa onsewo anafunsa mwaulemu ngati dalaivalayo anali wa chipsera padzanja, woiwala ambulera. A Dalaivala anasangalala kuti mwa onsewa alipo mmodzi anamaliza.

“Limenelo ndi buku lina, bambo,” anatero mayiyo motsitsa mawu. “Tinawerenga chaka chatha.”

Anatulutsa lawo m'jekete ngati munthu wotulutsa laisensi pamaso pa wapolisi. A Hedi analilandira ndi manja awiri, n'kulitsegula pakati. Linatseguka lokha pamalo pake, pamene guluu anauma n'kupanga mzere wokhuthala. Kumanzere pepala lofiirira, kumanja loyera. A Hedi anayendetsa chala pamzerewo. Bukulo linayenda m'manja m'manja, aliyense kuliyang'ana, kulipereka kwa mnzake mosamala ngati mwana wodwala.

Akanaseka bwenzi zili bwino. Munthu wosekedwa amaseka nawo, a Dalaivala luso limenelo anali nalo. Koma anthu ophunzira saseka, amatsokomola. A Famasi anatsokomola mpaka kutulutsa kampango kopukutira pakamwa. Mayi wina anaweramira m'kapu mapewa akugwedezeka. A Hedi anafunsa ngati asewere angafune bisiketi ina. Makutu a a Dalaivala anatentha, jekete linawathina m'khwapa, manja aja anawatsuka ndi mswachi anasowa powaika. Anayang'ana kukhomo. Namwino anali chiimire ndi tipoti, maso ali pakapeti, mutu uli pansi kuposa kale.

Anati akaone lole, anaiimika poipa. Aliyense ankadziwa kuti abwera pa basi. Miyendo inawatengera njira imene inazolowera, kudutsa m'khitchini, kutulukira kuseri kumene kunali zingwe zoyanikapo zovala. Anali akulimbana ndi loko wa kageti kakumbuyo pamene anamva mapazi olemera a munthu woyembekezera.

Sanatembenuke. Anauza lokoyo kuti akupepesa, amuchititsa manyazi mwana wawo pamaso pa apongozi ake, anauzidwa kuti akhale chete koma pakamwa pawo palibe mabuleki. Anati asadandaule, sadzabweranso, mwana akabadwa adzamuonera kuchipatala.

“Ababa, ine ndinkadziwa,” anatero Namwino.

Apo anatembenuka. Namwino anati bukulo analipeza pampando tsiku limene anapita kukawachapira makatani. Mabuku onse awiriwo anawawerengapo, ndiye atangotsegula anaona. Anafuna kuwauza madzulo omwewo, koma iwo anafika n'kuyamba kumusimbira za dalaivala wa chipsera ngati akunena za m'bale wawo, ndipo chimwalirire amayi ake anali asanawaone akusimba nkhani mpaka kumapeto. Analephera. Kenako atamva kuti akubwera kuno anachita mantha, koma m'malo mowauza zoona anangowauza kuti asalankhule.

“Unandiuza ine kuti ndisalankhule,” anatero a Dalaivala. “Ine. Unabadwira m'nyumba mwanga iwe?”

Namwino anaseka misozi ili m'maso, kenako anasiya. Anati manyazi amene anali nawo pakhomo paja sanali a bambo ake. Anali ake, powaona akukwera chitunda chimene iye ankadziwa kuti kutsogolo kwake kulibe mlatho, iye ali chiimire ndi tipoti.

Malaya a mkamwini ankawomba pachingwe pakati pawo. A Dalaivala anagwiranso loko uja. Namwino anawagwira mkono. Anati chipewa chawo chili pabalaza, buku lawo lili pabalaza, ndipo agogo a mwana wake satulukira kumene kumatulukira zinyalala.

Ulendo wochoka kukhitchini kufika pabalaza unali wautali kuposa maulendo onse amene anayendapo ndi lole. Atalowa, kutsokomola kunaleka. Anatola chipewa, n'kunena kuti lole ili bwino, yaima pabwino. Palibe anatsutsa. A Hedi anaimirira, n'kutsegula kabati yagalasi, n'kutulutsa buku lawo lenileni, la chikuto chonyezimira.

“Asewere, tengani ili, mukaone mmene anafera,” anatero. “Mwezi wamawa mudzatiuze ngati wolembayo anachita bwino kumupha. Zija munanena za wosula ndi wotsegula chitseko, ife sitinaziganize.”

A Dalaivala sanadziwe ngati akuwatonthoza kapena akunena zoona, ndipo ndi a Hedi munthu sungadziwe. Analandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Namwino anawaperekeza kudzera khomo lakutsogolo atawakolowekabe mkono, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Pageti a Famasi anawapeza akupuma mwabefu, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa monong'ona ngati mtsikana uja anakwatiwadi ndi dalaivalayo. A Dalaivala anati iwo sakambanso za mabuku pamsewu.

Lolemba anapita kwa Wamabuku atakonza mawu oti amutukwane nawo. Mkuluyo anamvetsera akumata buku lina, n'kunena kuti tsiku limenelo mvula inamusokonezera milu, ndipo zidutswa ziwiri zotsalazo anazimatanso pamodzi, anagula mayi wina wogulitsa nsapato. Ndiye kuti kwinakwake m'tauni muno muli munthu amene anawerenga za mtsikana wa muofesi wokangana ndi bwana wake, n'kutembenuza tsamba, n'kumupeza ali mtembo m'bango. Mayiyo sanabwere kudzadandaula.

A Dalaivala anabwerera m'lole osatukwana. Anakankhira mpando kumbuyo, n'kutsegula buku la asewere pamtsinje paja. Asanawerenge anapenda kaye pakati, kukanda ndi chikhadabo, kununkhiza ngati pali guluu. Kenako anawerenga, milomo ikugwedera, makutu akutenthabe akakumbukira bisiketi ija. Mtsikana anamira ndithu. Panalibe foni, panalibe ambulera. Wosula zitsulo anamunyamula yekha kuchoka m'bango. Mlonda atadutsa n'kusuzumira pawindo, sanafunse n'komwe. Anangoti simenti ya masiku ano fumbi lake lachuluka.