Dzanja pa Katoni ya Madiripi

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inadzazanso itauma, matemba anabwerera, asodzi anabwerera, ndipo kolera naye sanafune kutsalira. Pachipatala chaching'ono cha kumtunda kwa doko la Kachulu anakhoma tenti kuseri. Fanuelo, amene aliyense ankamuti adokotala ngakhale anali wothandizira madokotala chabe, ankangokhalira kuthamanga pakati pa tentiyo ndi mzere wa odwala malungo.

Munthuyu anali ndi kachizolowezi kake. Ena akatopa amasuta fodya, ena amakakalipira ana kunyumba. Iye ankang'amba katoni ya madiripi, kusolola pensulo kukhutu, n'kujambula chilichonse chimene chili pamaso pake. Namwino Sophia zinkamunyansa.

"Anthu akutha ndi kutsegula m'mimba, inu muli pa zithunzi," ankatero.

Fanuelo ankadziwa yekha kuti tsiku limene sanajambule, manja ankamunjenjemera pogwira jakisoni.

Lachiwiri m'mawa asodzi anabweretsa mnzawo kuchokera ku zimbowera, tinyumba ta udzu toyandama pakati pa nyanja. Anamugoneka pageti n'kuyamba kubwerera chambuyo poopa matenda. Atafunsidwa dzina anati panyanja amangomuti Mfupi, kwawo sakukudziwa. Ndi momwe amakhalira asodzi: kudyera mbale imodzi mwezi wathunthu, osafunsana mudzi.

Munthuyo anali atauma, maso atalowa m'kati, masaya atapanana. Fanuelo anavutika kusaka mtsempha mpaka thukuta linamudontha. Diripi itayamba kuyenda anakhala pambali kuilondera, ndipo podikirapo anajambula nkhope ya wodwalayo pa katoni. Kenaka anatembenuza katoniyo n'kujambula dzanja limene anavutika naloli, ndi chala chake chaching'ono chopindika ngati mbedza. Dzuwa lisanapendeke munthuyo anali atatsirizika. A zaumoyo anamuthira kolorini, kumukulunga m'pulasitiki n'kukamuika tsiku lomwelo, monga lamulo la kolera limanenera.

Lachisanu kunafika mayi wina atafunda mpango mpaka pamphumi, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anali ndi bambo wachikulire wovala kofia. Mayiyo anati dzina lake ndi Fatuma, bamboyo ndi alamu ake, a Ayuba. Amuna ake, a Sadiki, anapita kunyanja mpunga usanaokedwe ndipo anangoti zii. Anayenda m'madoko onse, ndipo ku Kachulu anamva kuti kuno kwafera msodzi wopanda abale.

"Tamva kuti mwamukwirira ngati galu," anatero a Ayuba, mawu ali pansi. "Osamusambitsa, opanda nsalu ya sanda, osamuswalira mwa Chisilamu. Ngati ndi mng'ono wanga, ndikawauza chiyani akumudzi?"

Anthu amene anali pamzere anayamba kusendera pafupi. Sophia anaima pakhomo atagwira chitseko.

"Matendawa amapatsirana ngakhale pa mtembo, bambo," anatero Fanuelo. "Sitikanatha kudikira."

"Ndiye tidziwa bwanji? Tikafukule?"

Fanuelo anachita mantha. Kufukula manda a kolera, mvula ikugwa, zitsime za anthu zili kumunsi komweko, anadziwa kuti tentiyo siingakwane. Ndipo a Ayuba sanali kuseka.

Anali Sophia, yemwe uja wodana ndi zithunzi, amene analowa m'katimo n'kutuluka ndi katoni ija. Anampatsa Fanuelo.

A Ayuba anayang'ana kumbali. "Mpaka kumujambula munthu akufa?"

Koma Fatuma anatambasula manja onse awiri n'kuilandira. Anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali, maso olowa aja, masaya opanana aja. Kenaka mapewa ake anatsika, ndipo anapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Si iwowa," anatero. "Alamu, taonani, si iwowa. A Sadiki ndi a masaya, nkhope yobulungira. Uyu ndi nkhalamba."

A Ayuba anasuzumira pang'ono n'kugwedeza mutu kuvomereza. Gulu lija linayamba kubwerera pamzere. Fanuelo nayenso mtima unakhala pansi, ndipo anatambasula dzanja kuti alandire katoni yake.

"Pepani takusowetsani mtendere, adokotala," anatero Fatuma akumanga bwino chitenje, kumwetulira kukumuthawira pamilomo. "Akadzabwera kuno mudzawadziwa msanga. Ndi aafupi, ndipo kachala aka kanapindika, munga wa mlamba unawabaya tisanakwatirane."

Fanuelo anakumbukira kachala kaja. Kolera amamukalambitsa munthu tsiku limodzi, iye ankadziwa zimenezo, mayiyu sankadziwa. Katoni inali m'manja mwake tsopano, nkhope pamwamba, dzanja pansi. Akanatha kungokhala chete. Anthuwa akanapita mwamtendere, nkhani yofukula manda ikanathera pomwepo, ndipo mayiyu akanagona tulo lero. Koma mawa akanadzukanso kumka kudoko lina, mkucha kwina, kufunsa asodzi osadziwana maina. Sipakanakhala maliro, sipakanakhala sadaka, ndipo akanakalamba akuyang'ana bwato lililonse lofika.

Anayang'ana Sophia. Sophia anali ataliona dzanjalo Lachiwiri lija, ndipo tsopano maso ake anali pansi.

"Mayi," anaitana Fanuelo. "Bambo Ayuba, khalani kaye pabenchipa. Manda sitifukula, zimenezo ndikupemphani. Ndikakuonetsani ndekha pamene ali, ndipo mukaswali pomwepo."

Fatuma anatembenuka, osamvetsa. Kumwetulira kuja kunali kusanachoke.

Fanuelo anatembenuza katoniyo n'kuiika pamiyendo pa mayiyo, amene anali atangokhala pansi chifukwa chomvera adokotala. Fatuma sanalire msanga. Anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja lojambulidwalo, n'kutsatira ndi chala chake kachala kopindika kaja, pang'onopang'ono, mpaka pensulo inamudetsa.

"Ndingatenge?" anafunsa, akuyang'ana alamu ake.

A Ayuba anatenga katoniyo, kuipinda bwinobwino kuti chithunzi cha dzanja chikhale m'kati, n'kumupatsa kuti aike m'chitenje mvula ingainyowetse.