Mafuta a kamfuti ka a Santoy

Amuna anga a Crisanto, omwe tauni yonse ino imangowatchula kuti a Santoy, anagula kamfuti chaka chatha mvula itangosiya. Anthu ankawauza kuti mbava zachuluka, ndipo munthu wa sitolo ya chakudya cha nkhuku ndi nkhumba ngati iwo ayenera kudziteteza. Chifukwa chenicheni ndinkachidziwa ine. Mnzawo wa ponda apa m'pondepo, a Eulogio, anali nayo kale mfuti, ndipo akakhala pansi kumpikisano wa atambala ankaikonzakonza m'chiuno mwadala kuti aliyense aone kuti muli kanthu.

Zamapepala zinatenga miyezi. Anayezedwa mkodzo, anadinda zala, anakaonana ndi dokotala wa mutu amene analemba kuti bambowa amaganiza bwino. Dokotalayo sanandifunse ine.

Kamfutiko katafika kanali kakang'ono, kakuda, kongokwana m'chikhatho, kobisa m'chiuno osaoneka. A Santoy anakaika pathebulo lodyera, pansalu yanga yoluka, n'kumakayang'ana ndi maso amene sanamuyang'anepo nawo mwana wathu ali wakhanda. M'bokosi munali kabuku kofotokoza kasamalidwe kake. Anakaponya pamwamba pa kabati, amvekere zimenezo amalembera anthu osadziwa mfuti. Iwo anali atadziwa mfuti kuyambira Lachiwiri.

Lamulungu masana akatswiri anafika. Woyamba anali a Eulogio, atanyamula botolo la mafuta lalikulu ngati akukathira m'galimoto. Wachiwiri anali achimwene anga, Kuya Pacifico, amene analondera banki mpaka kupuma ntchito osaombapo ngakhale khwangwala. Anabwera ndi kabotolo kangati ka mankhwala a m'maso.

"Pare, mfuti yatsopano imamwa," anatero a Eulogio, poti Pare ndi mmene amuna kuno amaitanira mnzawo. "Zitsulo zake sizinazolowerane. Zikakhulana zouma zimadyana. Thira mpaka idonthe, ikadontha uthirenso."

"Alamu, musamvere zimenezo," anatero Kuya. "Kadontho apa, kena apa, kena pampope, kenako mupukute. Mfuti si nsomba yokazinga."

"Inu a mlonda, yanu ija munkaipaka mafuta kapena munkangoitsamira pogona?"

"Yanga sinandikanepo."

"Ikanakukanani bwanji simunaifunsepo kanthu?"

Anamaliza mbale yonse ya makutu a nkhumba okazinga ndi mabotolo a mowa asanagwirizane. A Santoy ali ndi mphatso yomwe ndinaiona tisanakwatirane koma ndinaiyesa ulemu: amavomereza aliyense amene walankhula pomaliza. Tsikulo womaliza kulankhula ndi kuchoka anali a Eulogio.

Motero kamfuti kanasamba. Tsiku loyamba kukaombera kubwalo lophunzirira, atangoomba kamodzi, mafuta anathovukira pamagalasi awo, kachiwiri anaombera osaona chilichonse. Anabwera kunyumba ali ndi timadontho takuda pamphuno, akunyadira kuti mfutiyo ili ndi mphamvu. Mathalauza onse anayamba kukhala ndi banga lonyezimira pansi pa lamba, kumanja, ndipo mayi wina wogula madeya anandikokera pambali n'kundiuza mwachifundo za sing'anga amene anachiza amuna ake vuto la chikhodzodzo.

M'sitolo mwathu fumbi la madeya silitha. Limalowa m'tsitsi, m'makutu, ndiye pa chitsulo chonona likanalekeranji? Posakhalitsa kamfuti kanali ngati nkhuku yogubuduza muufa yodikira chiwaya. Chitsulo chake chapamwamba, chomwe chimayenera kutsetsereka, chinangoti gwa. A Santoy anachikoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

"Ndinanena ine," anatero Kuya atamva. "Mbava ikabwera muziipempha idikire mukonze kaye phala."

Apa a Santoy anatembenuka mtima n'kulowa mpingo wa Kuya, ndipo monga aliyense wongotembenuka kumene, anapitirira m'busa. Anatsuka kamfuti ndi petulo, n'kukayanika, osapakanso ngakhale kadontho kaja. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndipo amuna anga amatuluka thukuta ngakhale posenda nthochi. M'mawa wina ndinamva kukuwa kuchipinda. Ndinathamanga poganiza kuti adziwombera phazi. Ndinawapeza atakhala pabedi akuloza kabanga ka dzimbiri kochepa ngati nsabwe.

"Linda, taona. Yatha."

"Pepani. Tiuze abale, kapena mwambo ukhala wa banja lokha?"

Sanaseke. Tsikulo sanadye mpunga wam'mawa, chinthu chomwe sanachite ngakhale pamaliro a bambo awo.

Katswiri wachitatu anatulukira yekha. A Tiyo Delfin, amalume awo a Santoy, amalima kokonati kumapiri ndipo amatsika kutauni akafuna chakudya cha atambala awo. Anamvetsera nkhani yonse akutafuna fodya, kenako anapukusa mutu.

"Mafuta a m'sitolowo anapangira mayiko ozizira, mwana wanga. Kuno n'kwa kokonati. Zikwanje za agogo ako zinachitapo dzimbiri? Tsitsi la azakhali ako linathothokapo? Paka a kokonati, osaumira."

Anali womaliza kulankhula. A Santoy analowa m'khitchini mwanga n'kutenga mafuta amene ndinaenga ndekha, omwe ndinali nditapakira kale thireyi ya mpunga wotsekemera, supuni yake yomweyo ya shuga ili momwemo. Anapaka kamfuti, anapaka ndi kachikwama kake kachikopa kuti kafewe. Nyumba yonse inanunkhira ngati tsiku la chikondwerero. Atatha anakoleka lamba ndi zonsezo pamsomali wa kuseri kwa chitseko cha khitchini, pakhoma pomwe nyerere zofiira zili ndi msewu wake kuyambira tisanamange nyumbayo.

Kutacha kunali ukwati wa Luningning, mwana wamkazi wa a Eulogio, ndipo ife awiri tinali m'gulu la mboni zaulemu zoima kutsogolo. Tinachedwa kudzuka. A Santoy anavala malaya awo a barong, opyapyala aja oonekera mkati, ndiye kamfuti anakakankhira pansi kwenikweni m'thalauza kuti kasaoneke.

"Kasiyeni," ndinatero. "Tikupita kutchalitchi."

"Mbava zimadziwa kuti paukwati anthu amanyamula maenvulopu."

"Ndiye mukaombera ndani, a kwaya?"

Anakanyamula ndithu. Pakhomo la tchalitchi pali chikwangwani choletsa zida, ndipo Padre Anselmo analalikirapo za chimenechi mokalipa. A Santoy anadutsa pachikwangwanicho akuyang'ana kudenga ngati akupemphera.

Zinayamba pa kuwerenga koyamba. Ndinaona akusuntha phazi. Kenako chiuno chinapita kumanzere chokha, mapewa osadziwa. Pofika pa Uthenga Wabwino, tonse titaimirira, nkhope yawo inali itanyowa.

"Linda," ananong'ona, "zikundiluma."

"Chikumbumtima?"

"Nyerere!"

"Kandani."

"Ndikanda bwanji? Pali mfuti pamenepo, ndipo muli zipolopolo."

Apo ndinasiya kuseka mumtima. Ndinawauza kuti dzanja lawo likangoyandikira pamenepo ndikuwa. Motero bambo wamkulu, wa sitolo yake, anaima pamaso pa tauni yonse manja atawatambasula pambali ngati akufuna kuuluka, chiuno chikuzungulira, mawondo akugundana. Kwaya inali itayamba nyimbo yoyenda pang'onopang'ono koma iwo ankavina yothamanga. Amayi achikulire a pabenchi lakumbuyo kwathu anayamba kuchita chizindikiro cha mtanda. Mmodzi ndinamumva akuti, "Mzimu wamugwira Santoy. Ndani akanaganiza?"

Padre anaima pakati pa mawu n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi. Mkwati anacheuka. Mkwatibwi anacheuka, n'kudziluma mlomo, mapewa akugwedezeka pansi pa velo. Wojambula vidiyo, yemwe analipidwa kuti ajambule akwati, anaona komwe kunali nkhani.

A Santoy anapirira mpaka pa mphete. Kenako anatuluka, osati poyenda, komanso osati pothamanga, koma mwa njira ina yomwe sindinaionepo pa munthu. Ndinawatsatira. Chimbudzi cha kuseri chinali chokhoma. Anakabisala kuseri kwa galimoto ya akwati, yamaluwa ndi maliboni, n'kumasula lamba.

"Gwira!" anatero akundipatsira kamfuti.

"Chotsani kaye zipolopolo."

"Linda, ndikufa!"

"Muferetu mutachotsa."

Anachotsa, kamfuti kakuterereka ngati sopo. Ndinakagwira ndi mpango. Nyerere zinali kutuluka pampope, pachogwirira, paliponse pamene pali kabowo, zonenepa bwino, zina zitanyamula katundu. Amuna anga anatsitsa thalauza n'kuyamba kudzimenya ndi pepala la ndondomeko ya Misa. Ndi mmene anatipezera Padre Anselmo, amene anatuluka Misa itatha kudzaona ngati pakufunika kudzoza wodwala. Anayang'ana a Santoy, anayang'ana chomwe chinali mumpango mwanga.

"Cha ndani chimenecho, Aling Linda?" anafunsa, akunditchula mwaulemu monga amatchulira amayi kuno.

"Cha nyerere, Padre. Ife timangozisungira."

Padre anangowauza a Santoy kuti Loweruka adzawapeza pa kulapa, ndipo abwere atadya chifukwa zidzatenga nthawi.

Kumadyerero ndinkayesa akatswiri achita manyazi. Ndinawapeza atazungulira nkhumba yowotcha, mlandu uli mkati.

"Pare, unathira ochepa," anali kunena a Eulogio. "Ukanathira monga ndinakuuzira, nyererezo zikanamira."

"Mfuti youma nyerere siziifuna," anatero Kuya. "Yanga sinalumepo munthu."

"Mafuta analibe vuto," anatero a Tiyo Delfin akusenda khungu la nkhumba. "Nyerere sizipita pa chinthu chachabe. Zachitira umboni."

A Santoy anadya chiimirire, akuvomereza aliyense motsatana.

Kamfuti ndinakatengera ndekha kwa wokonza mfuti wa mumzinda, atakatsuka ndinakatsekera m'bokosi lachitsulo, ndipo kiyi ali komwe amuna anga sangafikeko, m'chitini cha sopo wochapira. Akafuna kukaombera kubwalo amapempha, ndimawapatsa, pobwera amabweza. Zotupa za m'chiuno zinatha patapita nthawi, koma vidiyo ija inayenda m'mafoni mpaka kwa abale athu ogwira ntchito kunja. Luningning anabwera kudzatithokoza, akuti ukwati wa anzake onse anthu anaiwala koma wake ayi.

Chodabwitsa n'chakuti a Santoy tsopano ndi mboni yofunidwa kwambiri m'tauni muno. Mabanja amene sitinkadziwana nawo n'komwe akubwera kudzawapempha, ndipo iwo amati n'chifukwa choti anthu azindikira ulemu wawo. Amaima kutsogolo mowongoka, tchalitchi chonse chikuwayang'ana m'chiuno mwachiyembekezo. Padre Anselmo amawadikira pakhomo, n'kuwagwira dzanja ndi kuwatchula mwaulemu wonse.

"Mang Santoy, takulandirani. Mwabwera nokha lero, kapena ndi alendo anu aja?"