Kumene Galimoto Imagona

Odete Furtado anafika ku Harwell kutada kale. Faifi koloko inali isanakwane n'komwe. Mu Januwale dzuwa la ku Massachusetts limangosuzumira n'kubwerera. Tauniyo sankaidziwa. Msewu umodzi, tchalitchi chimodzi, chipale chofewa mbali zonse. Ofesi ya msonkho anaipeza kuseri kwa laibulale. Chitseko chinali chokhoma. Pagalasi panali pepala: amatsegula Lachiwiri ndi Lachinayi, amatseka folo koloko.

Linali Lachinayi. Anali atayendetsa maola atatu kuchokera ku New Bedford. Anachedwa ndi mphindi makumi anayi basi.

Vuto linayamba m'mawa wa tsiku lomwelo. Layisensi yake yoyendetsera inkatha Loweruka, tsiku lake lobadwa, monga zimakhalira kuno. Ntchito yatsopano inkamudikira, yoyendetsa minibasi yotengera odwala impso kuchipatala. Anaifunafuna miyezi isanu. Abwana ananena poyera: "Lachisanu thwelofu koloko ndione kuti layisensi mwaikonzanso. Apo ayi, malo ndipatsa wina."

Koma ku ofesi ya za magalimoto anamubweza.

"Dzina lanu laikidwa chizindikiro, mayi. Tauni ya Harwell ikuti simunalipire msonkho wa galimoto zaka ziwiri. Mpaka mulipire, sitingakonze kanthu."

"Harwell? Ine sindinapondeko phazi!"

Ananena zoona. Koma mawu asanathe m'kamwa anakumbukira. Pogula galimotoyo, mwamuna wake Fausto ndiye analemba mapepala. Anati inshuwalansi ya m'tauni yaikulu imadula. Analemba kuti galimoto imagona ku Harwell, kwa amalume ake a Belmiro. Anzake ambiri a kudoko ankatero. Odete anasayina, poti dzina linali lake. Tsopano Fausto anali panyanja masiku khumi, kukakokolola nkhono, kumene foni sigwira.

Odete sanalire. Analiza injini, n'kuyamba kufunafuna nyumba ya a Belmiro.

Anaipeza kumapeto kwa kamsewu ka miyala. Mkuluyo anatsegula atavala majuzi awiri. Anapuma ntchito ya kufakitale ya mapepala kalekale, ndipo ankakhala yekha ndi nkhuku zake zisanu ndi imodzi.

"Mkazi wa Fausto! Kwagwanji? Wamira kodi?"

"Ali bwino, Tio," anayankha Odete, kutanthauza amalume m'chinenero cha kwawo. "Akabwera ndiye ndimumiza ine. Kuno kumabwera makalata anga?"

Nkhope ya a Belmiro inawala. Analoza kuseri kwa chitseko. Pamsomali panalendewera mtolo wa maemvulopu, womangidwa bwino ndi chingwe cha mbedza.

"Onse ali pamenepo. Palibe ndi imodzi yomwe yatayika."

"Osatsegula?"

"Ine? Kalata ya mwini? Bambo anga akanandidula zala."

"Nanga osandiimbira bwanji?"

"Ndinamuuza Fausto pa Khirisimasi ija. Anati ndi za otsatsa malonda, ndikolezere moto. Ine ndinati ayi, mwiniwake adzabwera. Si uyu wabwera?"

Odete anakhala pansi n'kuyamba kung'amba. Kalata yoyamba inali yaulemu. Inkapempha madola zana limodzi ndi khumi, pasanathe masiku makumi atatu. Yachiwiri inali yokumbutsa, ndi kachindapusa pamwamba. Yachitatu inali ya zilembo zofiira. Kenako chaka chinatembenuka, nyimbo n'kuyambiranso. Msonkho womwe sunkafika madola mazana awiri unali utanenepa mpaka kupitirira mazana atatu.

"Usadandaule," anatero a Belmiro. "Pachitseko cha ofesi pali kabokosi. Ponyamo cheke. Lachiwiri adzachipeza."

"Lachiwiri ntchito idzakhala itapita, Tio. Amagwira mu ofesimo ndani?"

Mkuluyo anakanda m'mutu. Anayang'ana pazenera, kutsidya kwa msewu, kumene kunkayaka nyale yachikasu.

"Wanda Slozek. Amakhala apo. Koma ine sindipitako. Akuti nkhuku zanga zinamudyera maluwa."

"Zinadya?"

"Pang'ono."

Odete ananyamula mtolo wake n'kuwoloka yekha.

Mayi Slozek anali aatali, a imvi zometa, magalasi ali pamphumi. Anayang'ana emvulopu ya zilembo zofiira asanayang'ane nkhope.

"Ndinu a Furtado? Zaka ziwiri ndikunyambita masitampa chifukwa cha inu. Ndinkaganiza kuti ndinu mzukwa wa Belmiro. Lowani, mukundilowetsera mphepo."

Odete sanazungulire. "Mayi, ndikupemphani. Nditsegulireni ofesi mphindi zisanu zokha. Ndalama ndili nazo. Ndinkasungira matayala."

"Ngakhale nditatsegula, sindingalandire. Msonkho ukachedwa chonchi umachoka m'manja mwanga. Tauni imaupereka kwa otolera misonkho yochedwa, ndipo ofesi yawo ili kutali. Mwayenda ulendo wonsewu pachabe, mwana wanga. Khomo lomwe mumafuna lili m'thumba mwanu."

"M'thumba?"

"Tulutsani foni. Netiweki kuno kulibe, lumikizani intaneti ya m'nyumba muno."

Anakhala patebulo la kukhitchini. Odete anayamba kulemba mawu oti afufuze. Mayi Slozek anamugwira dzanja.

"Ayi. Osangodina chilichonse chomwe chabwera pamwamba. Akuba nawo ali ndi masamba awo, okongola kuposa athu. Ndipo mukalandira uthenga pafoni woti dinani apa mulipire msonkho, fufutani. Ife sititumiza zotero. Yambirani pa tsamba la tauni lenilenilo. Keyala yake ndi iyi, ili pamwamba pa kalata."

Odete analemba. Tsamba linatseguka. Panali chithunzi cha tchalitchi chija.

"Tsopano pamene palembedwa za kulipira misonkho. Pali makomo awiri. Loyamba ndi la amene sanachedwe. Lanu ndi lachiwiri."

"La ochimwa."

"Timakumana komweko tonse. Lembani nambala ya galimoto ndi ya layisensi."

Dzina lake linatuluka. Anadina msanga, n'kufika polipira. Panali njira ziwiri: khadi ya kubanki kapena cheke cha pa intaneti. Khadi inkawonjezera madola angapo. Chala cha Odete chinathamangira ku cheke.

"Mukufuna layisensi liti?" anafunsa mayi Slozek.

"Mawa thwelofu koloko isanakwane."

"Ndiye siyani chimenecho. Cheke amadikira chikhwime kaye, masiku angapo, chizindikiro chili pomwepo. Ndi khadi amachotsa msanga. Nthawi zina usiku womwewo, nthawi zina tsiku lotsatira. Sindikulonjezani."

Odete analipira ndi khadi. Lisiti inabwera. Anapuma mpweya wautali n'kuyamba kuvala chipewa.

"Mukupita kuti? Mwalipira chaka chimodzi."

"Si zonse pamodzi?"

"Chaka chilichonse chili ndi kalata yake, ndi chizindikiro chake. Ambiri amagwera pamenepa. Amalipira imodzi, n'kupita kukakangana ndi anthu osalakwa ku ofesi ya layisensi. Bwererani."

Anabwerera. Inalipodi, yachiwiri, itabisala pansi pa inzake. Analipiranso. Ndalama za matayala zinatha, n'kutsala zogulira mafuta.

"Jambulani malisiti onse awiri. Musafufute mpaka chaka chithe."

Chitseko chinagogodedwa. Anali a Belmiro, atanyamula mazira m'chipewa.

"Ndabwera kudzaona ngati simunamudye mlendo wanga."

"Mazira asanu ndi limodzi," anatero mayi Slozek, akuwerenga ndi maso. "Maluwa anali khumi ndi awiri, Belmiro."

"Nkhuku zikulipira pang'onopang'ono. Musazitumizire kalata yofiira."

Odete anaseka koyamba tsiku limenelo. Koma mayi Slozek anali asanathe naye. Anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana.

"Ndikufunseni chimodzi. Galimoto yanu imagona kuti?"

Odete anayang'ana pansi. "Ku New Bedford."

"Usiku uliwonse?"

"Kupatula lero."

"Msonkho umenewu umatsata kumene galimoto imagona. Ndiyo tauni yoyenera kulandira, poti misewu yake ndi yomwe mumaikumba. Makalata nawo amapita ku keyala yomwe munalembetsa. Mukalemba ya amalume, mwadzitseka makutu nokha. Lero mwataya madola okha. Tsiku lina mukanagunda munthu, a inshuwalansi akanafufuza. Akapeza kuti munanama kumene galimoto imagona, angathe kukana kulipira. Pamenepo si matayala omwe mukanataya."

A Belmiro anayang'ana mazira awo.

"Ndingasinthe pompano?" anafunsa Odete.

"Keyala, inde, pa tsamba la ofesi ya za magalimoto. A inshuwalansi muwaimbire mawa. Mtengo ukwera, ndisakubiseni."

"Ukwere. Fausto akokolola nkhono zambiri."

Anasintha pomwepo. Nambala ya nyumba yake, msewu wake, tauni yake. Sizinatenge mphindi zitatu.

Anagona kwa a Belmiro, pampando wautali, atafunda majuzi a mkuluyo. Sikisi koloko anali atadzuka. Kunali kusanache. Anawoloka msewu n'kuima pachipata cha mayi Slozek, pamene intaneti inkafika. Anavula golovesi limodzi. Analowa pa tsamba la layisensi.

Chizindikiro chinali pomwepo.

Anawerenga nthawi. Akanyamuka eyiti koloko itadutsa, sakafika ku ofesi ya layisensi nthawi ikadalipo. Anapondaponda pansi kuti mapazi asaume. Anayesanso. Chimodzimodzi.

Zenera linatseguka. "Lowani, mayi inu! Musandifere pakhomo, mapepala ake ndi ambiri."

Analowa. Anamwa khofi ataimirira. Mayi Slozek anati akapanda kuchotsa, anyamuke basi, akaonetse malisiti ku ofesi ya layisensi. Odete anagwedeza mutu, maso ali pafoni. Seveni koloko itatsala pang'ono anayesanso kachitatu.

Tsamba linatseguka. Panalibe chofiira chilichonse. Linangomufunsa ngati akufuna kukonzanso layisensi.

Anayankha mafunso. Analipira. Chikalata chotsimikiza chinabwera, dzina lake pamwamba, zaka zisanu patsogolo. Anachitumiza kwa abwana nthawi yomweyo. Yankho silinachedwe: "Bwerani mudzasayine. Mukuyamba Lolemba."

Odete anawagwira mayi Slozek manja onse awiri.

"Pitani, msewu ndi woterera," anatero mayiwo. "Kalata ya chaka chino ikhoza kubweranso kuno komaliza. Ikafika mwezi wamawa, lipirani pakhomo loyamba lija."

Panja a Belmiro anali akupala chipale pagalasi la galimoto ndi chivindikiro cha poto. Anamupatsa chingwe cha mbedza chija, atachikulunga bwino.

"Tenga. Ukammangire Fausto."

"Kalata ikabwera, Tio, mundiimbire ine. Osati iye."

"Nanga pamsomali paja ndipachike chiyani?"

"Maluwa. Khumi ndi awiri. Mukudziwa mwini wake."

Analiza injini. Kum'mawa kunayamba kufiira pamwamba pa mapiri. Sanayang'ane m'mbuyo mpaka atadutsa laibulale.

Chomwe Odete anaphunzira ku Harwell n'chosavuta. Lembetsani galimoto kumene imagonadi, ndipo mukasamuka sinthani keyala msanga. Kalata ya msonkho ikafika, tsegulani, lipirani masiku asanathe. Mukachedwa, musabisale ndipo musadikire kuti ofesi itsegule. Yambirani pa tsamba lenileni la tauni, fufuzani chaka chilichonse, lipirani zonse, sungani malisiti. Msonkho wopachikidwa pamsomali sugona. Umakula, n'kudzakuimirirani pakhomo tsiku lomwe mukufunitsitsa kudutsa.